Pogona pa a Kamphinda

Anthu mumaopa mdima ngati kuti zoipa zonse zimadikira dzuwa lilowe. Izi ndikunenazi zinkachitika masanasana, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitayasama pamthunzi. Ndipo ndichenjezeretu, nkhaniyi ndi yonyansa. Amene ali ndi kanthu m'kamwa ayambe wameza.

Pa Mtengowagwa, kuseri kwa chigayo, pali nyumba ya njerwa zowotcha, yamalata, koma pansi pake mpadothi. Mwini wake anali a Kamphinda, amene kale ankasoka nsapato pamsika. Mwana wawo Yotamu anapita ku Joni. Miyezi itatu yoyamba ankaimba foni, kenako kunangoti zii. M'nyumbamo anasiyamo mkazi wake Etelina ndi ana awiri, wamkulu dzina lake Mwatitha. Etelina analibe kwawo kobwerera, pakuti makolo ake anatha ndipo munda anagawana ena. Denga lokhalo limene iye ndi anawo ankalidziwa linali la apongozi akewo.

Tsiku lina a Kamphinda anagwa kubafa, nafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa nkupotoka. Kuchipatala anamwino anamuuza Etelina momveka bwino kuti munthu wotere azitembenuzidwa kangapo pa tsiku, apo ayi thupi limayamba kuwola mwini wake akupuma. Etelina anagwedeza mutu kuvomera. Atafika kunyumba anapempha anthu kuti awagoneke pamphasa chammbali, nkhope italoza kukhoma. Mmene anawagonekamo ndi mmene anakhalira chaka chathunthu.

Mawu odzitchinjiriza anali nawo okonzeka. "Awa ndi apongozi anga aamuna, ndingawagwire thupi bwanji?" Mwambo umatero ndithu, koma mwambo womwewo suletsa kuitana mwamuna wapafupi kuti adzathandize. Chenicheni nchakuti Etelina ankanyansidwa. Dovu lotuluka pakamwa popotokapo linkamuchititsa nseru, ndipo diso limodzi limene linkamutsatira akalowa linkamuwawa kuposa fungo. Mbale ya phala ankaikankha ndi phazi kuti ifike pamene dzanja lamoyo lija lingaipeze. Nsanza zonyowa ankazikoka ndi ndodo. Odzazonda matenda ankawabwezera pakhonde ndi nkhope yachifundo: "Angogona kumene, safuna phokoso." Kutchalitchi ankamutchula ngati chitsanzo. Ine ndikakumbukira zimenezi malovu amandiwawa.

Mkuluyo anali ndi kapu yachitsulo imene ankagogoda nayo pansi akafuna munthu. Go, go, go. Nthawi zambiri ankatero masana, malata akatentha, mbali yogonerayo ikamawotcha. Etelina anaipirira miyezi iwiri, kenako anaichotsa nkukaiponya m'chimbudzi. A Kamphinda anapitiriza kugogoda ndi zala.

Atamwalira, adzukulu amene analowa kukasambitsa mtembo anapeza mphasa itakana kuchoka pathupi. Anachita kuidula ndi mpeni mozungulira. Mmodzi anathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza. Etelina analira mokweza kuposa aliyense, nati zilondazo zinangobuka masabata awiri omaliza. Adzukulu saulula zimene aona, ndiye nkhani inalowa m'bokosi.

Koma malemu anali ndi mlongo wawo, a Nangondo, mayi wamtali wouma, wokhala kutali cha kumalire. Iwo anafika bokosi litakhomedwa kale. Atabwera kumanda anamuitanira Etelina pambali.

"Amake Mwatitha, ndibweranso mwezi ukatha, tidzakambe za nyumbayi. Ngati mlongo wanga munamusunga monga ndikumvera, palibe angakuchotseni muno, inu ndi ana. Koma ndidzalowa ndekha m'chipinda chake. Ine ndadwazikapo anthu atatu, chipinda cha wodwala ndimachidziwa."

Anthu atabalalika, Etelina anatentha zotsala za mphasa ija, natsegula zenera kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse. Anaganiza zozira chipindacho kuti a Nangondo adzapeze mwatsopano. Anakakumba mtsiro wakuda bii kudambo, nausungunula m'beseni, nagwada pakhomo nkuyamba. Kuzira ndi ntchito ya chikhatho. Umatapa matope, umapaka mozungulira, umatsindika mpaka alowerere m'dothi lakale. Etelina anali katswiri pa ntchitoyi, ndipo dzanja linkayenda lokha. Koma litafika pafupi ndi pamene mkuluyo ankagona, linaima. Panalibe choonekapo, dothi lotuwa chabe ngati pena paliponse. Komabe anangozungulira malowo, nati adzamaliza mawa.

Mawa lake masana anachokera padzuwa kulowa m'chipindamo. Maso anayamba achita mdima monga amachitira, kenako nkutseguka. Pansi ponse panali pakuda bwino. Koma kukhoma kuja kunagona chinthu choyera mbee, chowala ngati chapakidwa ufa. Chinali ndi msana wopindika, mawondo okwinya, ndi mutu woloza kukhoma.

Etelina anatuluka chafutambuyo nakhala pakhonde. Ali pomwepo, m'nyumba munamveka: go, go, go.

"Ndi malata," anadziuza yekha. Malata amalira ndithu dzuwa likawatentha, aliyense amadziwa. Kungoti malata amalira pamwamba.

Anamanga sanza kundodo, naiviika m'matope, napaka malowo ataimirira patali, mphuno atatseka ndi chitenje. Mtsiro wopanda kutsindika sugwira. Pofika mawa lake unali utauma nkufunduka ngati nkhanambo, ndipo atasesa anapeza chinthu chija chili mbee monga kale. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinatera m'mphepete mwake mozungulira, osalowa m'kati, osachokanso. Ankati akazipirikitsa zimabwerera pamalo omwewo.

Ndiye anaganiza kuti cholakwa ndi mtsiro wakudawo. Ngati malowo akuyera, bwanji osayeretsa ponse kuti afanane? Anayenda mtunda wautali kukakumba mtsiro woyera, nazira chipinda chonse kachiwiri, kuzunguliranso malo aja osawakhudza. Utauma, analowa masana mtima uli m'malo. Pansi panali poyera ngati mbale yatsopano. Kukhoma kuja kunagona chinthu chomwe chija, koma tsopano chakuda, chonga chonyowa, ngati dothi limene lamwa zotuluka m'thupi ndipo likuzibweza pang'onopang'ono. Etelina anamva fungo lija, lotsekemera mowola, limene ankaganiza kuti linapita kumanda. Tsiku limenelo sanadye.

Kunali kutatsala masiku atatu kuti a Nangondo afike.

Pafupi ndi chigayo pankakhala a Layisoni, olemba zikwangwani za masitolo, bambo wamimba, wa zala zosatha penti, wokonda kuseka anthu okhulupirira zamizimu. Etelina anawapeza akulemba chikwangwani cha butchala.

"A Layisoni, inu mumadziwa za mitundu. Tabwerani mudzandionere pansi panga, pakundivuta."

Analowa onse awiri. A Layisoni anaima, nadikira kuti maso azolowere, kenako anaseka.

"Amake Mwatitha, mwaonda chifukwa cha ichi? Tandiuzani, poyamba munazira chiyani?"

"Wakuda. Malowa anayera. Ndazira woyera, malowa ada."

"Nanga pamalopa munazirapo?"

"Sindinafikepo."

"Basitu. Dikirani ndikuonetseni masewera amene ndimadyera ine."

Anapita pabalaza, pamene panali pasanaziridwe, nabenthula ndi mpeni kachidutswa ka dothi lakale lotuwa, kukula ngati chivundikiro cha botolo. Anakaika pansi poyerapo.

"Kakuoneka bwanji?"

"Kakuda."

Anakatola nakaika pa chipewa chawo chakuda. "Nanga apa?"

Etelina anayang'anitsitsa. "Kayera."

"Kasintha? Ndakapaka kanthu ine? Ndi komwe kaja. Diso lilibe sikelo, mayi. Likafuna kudziwa kuwala kwa chinthu limayamba laona zimene zachizungulira, ndiye mutu nkugamula. Chotuwa mukachiika pakati pa zakuda, mutu umati nchoyera. Mukachiika pakati pa zoyera, mutu womwewo umati nchakuda. Ine ndikafuna kuti malemba awale kwambiri sindigula penti wina, ndimangowazunguliza ndi mzere wakuda. Dothi ili silinasinthe chimwalirireni mdala uja. Taonani."

Anawerama naika kachidutswa kaja pakati penipeni pa chinthucho, cha pamene pangakhale nthiti. Kanazimirira pomwepo, osaonekanso mpang'ono pomwe.

"Mwaona? Mtundu ndi umodzi. Palibe mzimu, palibe chinyontho. Chithunzichi mwajambula ndinu nomwe pozungulira malo amene simukufuna kuwagwira."

Etelina anapuma mozama, kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. A Layisoni anatambasula dzanja kuti atole kachidutswa kawo. Anapapasa apa, napapasa apo. Kuseka kuja kunayamba kuchepa. Anapapasanso ndi chikhatho chonse, kenako anachotsa dzanja mwadzidzidzi ngati wagwira mbaula, nalipukuta pa buluku.

"Chavuta nchiyani?"

"Palibe. Pakufunda pang'ono. Ndi malatawa." Anayang'ana kudenga, koma dzuwa silinkagunda mbali imeneyo. Ananunkhiza zala zawo mobisa, nkhope nkukwinyika, nazipukutanso. Kachidutswa kaja sanakapeze.

Ali pakhomo anacheuka, nayang'ananso pansi paja nthawi yaitali.

"Koma amake Mwatitha, inu mwazungulira malo amene ankagona, eti? Nanga bwanji atuluka mawondo ndi mutu bwinobwino chonchi? Munthu wotembenuzidwa amagona uku ndi uku, malo ake amangokhala chibwalo. Bambowa ankagona mbali imodzi yokhayokha?"

"Ndakuitanirani za mtsiro, a Layisoni."

"Chabwino. Za mtsiro nzosavuta. Zirani ponse ndi mtundu umodzi, ndi dzanja, kutsindika, pamalopo pomwe. Diso likasowa pofanizira, chithunzi chafa."

Anatuluka osatsanzika bwino, ndipo anawaona akusamba m'manja pampopi wa kuchigayo mpaka m'zigongono.

Funso lawo linamutsalira Etelina m'mutu. Ngati wolemba zikwangwani waona zimenezo pa kanthawi kochepa, kuli bwanji a Nangondo, amene anadwazika anthu atatu? Akadzangoima pakhomo paja, nyumba yapita. Anaganizira ana ake akugona pakhonde la sitolo. Anaganiziranso dzanja lake likutsika pamalo paja, ndipo anathamangira kudzala kukalavula. Masiku awiri anazengereza, akumva kugogoda masana alionse, katatu, kupumira, katatunso.

Tsiku lomaliza, ana atapita kusukulu, anasungunula mtsiro woyera wotsala, nakhoma chitseko. Anayambira pakhomo monga mwa masiku onse, akubwerera chogwada, mpaka panatsala pokhapo. Ntchentche zija zinadzuka zonse pamodzi nkukatera pakhoma ngati zikumupatsa mpata. Anatapa matope odzaza dzanja, natseka maso, naika chikhatho pansi.

Panali pofunda, kufunda kwa munthu wamalungo. Dothi louma siliyenera kubonyoka, koma ili linalowa pang'ono pansi pa chikhatho, nkubwerera. Anapaka mozungulira, ndipo zala zake zinadutsa pa timizere tolimba totsatizana, kenako pa chotupa chonga fupa la m'chiuno, kenako pamalo ofewa kwambiri, oterera, pamene chala chapakati chinamira mpaka pamfundo. Mtsiro sugwira popanda kutsindika, choncho anatsindika, ndi manja onse awiri, ndi mphamvu ya mapewa, akulira ngati mwana. Ali mkati mokankha choncho anamva kulemera kukuchoka pansi pa manja ake, pang'onopang'ono, monga thumba la chimanga likamagubuduzika. Penapake pafupi ndi khutu lake panatuluka mpweya wautali, wa munthu amene wapumula pambuyo podikira nthawi yaitali.

Anakwawa mpaka panja nasanza mpaka ndulu. Manja anawakwecha ndi mchenga, ndi phulusa, ndi sopo wochapira, koma ankati akawayandikitsa kumphuno, fungo lili pomwepo.

Komatu ntchito inagwirika. Pofika madzulo pansi panali patauma, poyera kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, popanda banga. Ntchentche zinapita.

A Nangondo anafika mmawa pa kabaza, ndi amuna awiri akubanja. Sanafune kukhala pansi, analunjika kuchipinda. Anaima pakati, nayang'ana pansi, makoma, kudenga, nakoka mpweya ndi mphuno. Etelina anagwada pakhomo manja atawabisa m'chitenje.

"Mwazira bwino," anatero a Nangondo. "Mkazi wosamala pansi chonchi sangalekerere munthu." Anamuyandikira, natulutsa manja aja m'chitenje, nawagwira m'manja mwawo. Anali osupuka, ofiira. "Taonani, abale. Manja awa ndiwo ankatembenuza mlongo wanga usana ndi usiku, ife tili kutali. Amake Mwatitha, nyumbayi ndi yanu ndi ana. Yotamu abwere asabwere, palibe wokuchotsani."

Etelina anagwetsa misozi, ndipo onse anaiyesa yachisoni.

A Nangondo anapitiriza: "Chinthu chimodzi chokha. Chipinda ichi chisakhale chotseka ngati munafera galu. Ndicho chachikulu, muzigonamo inuyo, ana atenge chinacho. Ndizibwera kudzakuonani."

Alendo ananyamuka dzuwa likuyandikira paliwombo. Etelina anawaperekeza mpaka pachigayo, nabwerera akuyenda ngati wotula katundu. Analowa m'nyumba mwake, yakeyake tsopano, nakankha chitseko cha chipinda chija. Maso anachita mdima kaye, monga amachitira munthu akachoka padzuwa. Anadikira.

Pansi panali poyera ponse, mtundu umodzi. Ndipo chinthu chija chinalipo. Sindinganene kuti chinali choyera kapena chakuda, pakuti ukachiyang'ana chimaoneka chowala kuposa pansipo, ukaphethira chimaoneka chodera. Msana unali kukhoma tsopano. Mawondo analoza kuchitseko, mutu unaloza kuchitseko, ndipo dzanja limodzi linatambasuka pansi kufika pafupi ndi pamene Etelina anaima.

Anathamanga kukawakoka a Layisoni pa ntchito yawo, bulashi ili m'manja. Iwo anakana kulowa, anangosuzumira ali pakhomo.

"Ndiuzeninso zija, a Layisoni. Zija za diso. Ndiuzeni kuti ndi mutu wanga."

A Layisoni anayang'ana nthawi yaitali. Anatseka diso limodzi, natsegula, napendeketsa mutu.

"Munazira ponse? Mtsiro umodzi?"

"Umodzi, beseni limodzi, ndi manja awa."

"Ndiye apa diso lilibe pofanizira," anatero motsitsa mawu. "Palibe cholinamiza." Anabwerera chafutambuyo mpaka pakhonde. "Mayi, za penti ndimazidziwa. Izi musandiitanenso."

Asanafike nkomwe pampanda, m'chipindamo munamveka go, go, go. Sikunali kugogoda kwa zala. Kunali kulira kwa chitsulo, kwa kapu.

Etelina anaima pabalaza. Akanatha kuthawa, koma kuti? Ana anali pafupi kuweruka, ndipo nyumba imene anaigwirira zonyansa zija inali itangoperekedwa m'manja mwake mmawa womwewo. Kugogoda kunabweranso, katatu, mosafulumira, ngati kwa munthu wodziwa kuti tsopano amveka. Mbali imene mkuluyo anagonera kuyambira dzulo inali itayamba kuwotcha.

Anavula mpango nadzimanga pamphuno, natunga madzi m'beseni, natapa mtsiro, nalowa nkutseka chitseko.

Papita zaka zinayi. A Nangondo amabwera ndithu, ndipo ulendo uliwonse amayamikira kuti sanaonepo chipinda choziridwa kawirikawiri chonchi. Iwo saona kanthu, kapena amaona koma sanena, ine sindikudziwa. Oyandikana ndi Etelina ndiwo amadziwa nthawi. Dzuwa likafika paliwombo Etelina amasiya chilichonse chimene akuchita, kaya ali pamzere wa kuchigayo, kaya ali pamaliro, nathamangira kunyumba. Pakapita kanthawi amatuluka nkugwada kuseri kwa bafa, kukwecha manja ndi mchenga. Khungu la m'zikhatho linatha kalekale, ndipo amadya ndi supuni ngati wodwala.

Mayi wina wachifundo anamufunsapo kuti bwanji osangosamuka. Etelina anamuyang'ana ndi maso ofiira, nati, "Ndisamukire kuti? Nyumbayi ndi yanga." Kenako anapendeketsa mutu ngati wamva kuitana, napukuta manja pachitenje, nanyamuka. Mkuluyo anadikira chaka chimodzi chokha, koma anamwino aja anati kangapo pa tsiku, ndipo sananene kuti mpaka liti.